Nyumba ya Kumudzi: Za Malo, Njerwa ndi Renti ku Chipangali

Mwamuna wa ku Chipangali amene agwira nchito pa mgodi wa Nchanga, Mufulira kapena Kansanshi adziwa bwino kuti lidzafika tsiku limene adzabweza cisoti ndi nyali, ndipo ana ace adzamfunsa kuti, "Atate, tsopano tipita kuti?" Makolo ace funso limeneli silinali kuwabvuta. M'masiku a Azungu nyumba ya m'komboni inali ya Kampani. Nchito ikatha, nyumbanso yatha, munthu namanga katundu wace kubwerera kwao ndi njinga, sutikesi ndi makina osokera. Pambuyo pace ena anacita mwai, pakuti mu 1996 Boma linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo, ndipo pamene migodi ya ZCCM inali kugulitsidwa, nchito imene inatha mu 2000, nyumba zambiri za migodi zinasanduka za anchito. Koma amene analembedwa nchito zitapita zimenezi sanapeze kanthu. Ambiri a iwo akhala m'nyumba za eni, nalipira renti mwezi ndi mwezi, mtima uli kwao.

Kwaoko nakonso kwasintha. Fort Jameson wakale, amene acedwa Chipata, anakwezedwa kukhala mzinda mu February 2017, ndipo mu 2018 Chipangali anapatulidwa ku Chipata nakhala boma pa yekha. Boma latsopano lidza ndi khonsolo yace, makalaliki, aphunzitsi, anamwino ndi apolisi, ndipo onsewa afuna pogona. Cifukwa cace anthu ambiri a ku migodi ndi a m'matauni ayamba kuganiza zomanga nyumba ziwiri, ina yokhalamo atapuma nchito, ina yocititsa renti. Ganizoli ndi labwino ndithu, koma ambiri atayapo ndarama zao, ndipo kawiri kawiri cowagwetsa sicikhala simenti kapena malata ai, koma dothi limene nyumbayo yaimapo.

MALO NDI A YANI?

Nkhani ya malo ku dera limeneli ndi yakale. Kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikuru lozungulira Fort Jameson, anthu a mafuko napanikizidwa m'malo ocepa mpaka nthaka inaguga. Mu 1941 Boma linagula malo ambiri a kampaniyo, ndipo m'zaka zotsatira mabanja anasamutsidwa kukakhala ku malo atsopano. Chipangali ndi limodzi la madera amene analandira anthu otere. Ndico cifukwa cace kumeneko kuli minda ya mitundu mitundu: ina ya makolo m'manja mwa mafumu onga Chanje, Mkanda, Mshawa ndi Kapatamoyo, ina ya m'masikimu. Wofuna malo ayenera kuyamba wafunsa kuti malowo ndi a mtundu uti, asanaturutse ngakhale ngwee imodzi.

Lamulo la malo la 1995 linena kuti dziko lonse la Zambia liri m'manja mwa Pulezidenti, amene alisungira anthu onse. Pansi pa lamuloli pali njira ziwiri zokhalira pa malo. Yoyamba ndi ya cikhalidwe ca makolo, imene nyakwawa ndi mfumu ndiwo apatsa munthu pokhala ndi polima. Yaciwiri ndi ya taitolo, ndiko kuti Boma libwereka munthu malo kwa zaka zosapitirira 99, iye nalipira kamsonkho ka malo caka ndi caka. Malo a muyaya, amene Azungu anali nao kale, anathetsedwa mu 1975 ndi Boma la Dr. Kenneth Kaunda, ndipo sanabwererenso.

Malo a mfumu ndi abwino kwa munthu wofuna kukhala pakati pa abale ace. Safuna ndarama zambiri, ndipo palibe amene angacotse munthu wamtendere pa bwinja la makolo ace popanda cifukwa. Koma kalata ya nyakwawa si taitolo. Banki kapena Zambia National Building Society ikafuna cikole ca ngongole ya nyumba, ifunsa taitolo. Ndiponso mfumu ikamwalira, wolowa m'malo mwace nthawi zina sadziwa, kapena safuna kudziwa, zimene mnzace analonjeza pakamwa. Wokhala pa malo otere acite cotheka kuti akhale ndi kalata yodindidwa ku likuru la mfumu, yochula malire ndi maina a mboni, ndipo malirewo ayendedwe masana, eni minda yoyandikana ali pomwepo. Malire onena kuti "kulekezera pa mtengo wa msuku uja" akhala kufikira tsiku limene wootcha makala adzadula msukuwo.

Wofuna kumanga nyumba ya ndarama zambiri, makamaka ya renti kapena sitolo, angathe kupempha kuti malo a mfumu asanduke a taitolo. Njira yace ndi yaitali, koma siyenera kudumphidwa. Mfumu ibvomereza mwa kulemba, ndi mapu a malowo. Khonsolo ituma anthu ace kukaona ngati palibe wina wokhalapo kapena wodandaula, ndipo ikakhutira itumiza pempho kwa Commissioner of Lands. Iyeyo ndiye alemba kalata yopereka malo, imene ichula ndarama zolipira ndi nthawi imene munthu ayenera kukhala atamanga. Kenaka wopima malo wobvomerezeka ndi Boma adza kudzaika zizindikiro za simenti m'ngondya, ndipo taitolo ya zaka 99 ituruka mapu ace atalandiridwa. Mafumu ena sakondwera ndi pempho lotere, ndipo ali ndi cifukwa cao, popeza malo akalowa m'buku la Boma sabwereranso m'manja mwa mfumu. Wopempha apite mwaulemu, osati monga munthu wa ndarama wodzagula mudzi.

Mu Chipata mwenimweni bvuto ndi lina. M'makomboni onga Mchini, Nabvutika ndi Magazine anthu ambiri anamanga asanapimiridwe, ndipo pepala limene munthu angakhale nalo m'malo otere kawiri kawiri ndi cilolezo ca khonsolo cokhalapo zaka 30. Kumeneko ndi ku mapuloti atsopano a m'mbali mwa tauni ndiko kucuruka anthu ogulitsa puloti imodzi kwa anthu atatu. Wogula asakhulupirire pepala lojambulitsa. Apite yekha ku khonsolo ndi ku ofesi ya malo, alipire kandarama kofufuzira m'buku, aone ngati dzina la m'bukumo ndi lomwe liri pa citupa ca wogulitsa, ndiponso ngati malowo sanaikidwe cikole ku banki. Malo a taitolo sasinthidwa dzina popanda cilolezo ca Boma ndi msonkho wa ku ZRA, cotero wogula wanzeru asunga gawo la mtengo kufikira mapepala onse atatha. Wogulitsa wonena kuti, "Lipirani lero, mawa kukubwera wina wa ku Lusaka," ndiye woyenera kumuopa koposa.

KUMUDZI KWA YANI?

Pali funso lina limene amuna sakonda kulimva. Ku Chipangali Acewa ndi Angoni akhala moyandikana nakwatirana, koma miyambo yao pa za malo isiyana. Kwa Angoni a Mpezeni ana ndi a kucimuna, ndipo mkazi ndiye apita kwa mwamuna. Kwa Acewa a Kalonga Gawa Undi mtundu uyenda kucikazi, ndipo pa cikamwini mwamuna akhala pa malo a mbumba ya mkazi wace. Mkamwini akamanga nyumba ya njerwa pamenepo, ukwati n'kutha, nyumbayo sanganyamule pa mutu. Cimodzimodzinso mkazi wa citengwa amene anathira ndarama zace za fodya kapena za nchito m'nyumba ya kwa mwamuna: mwamunayo akafa, angathe kupeza kuti alamu ace amuona monga mlendo.

Lamulo la cuma ca masiye la 1989 linathandiza kwambiri. Munthu akafa osalemba wilo, ana alandira magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a womwalirayo 20, ndipo ena amene anali kuwasunga 10. Nyumba ikhala ya ana ndi wamasiyeyo, amene akhalamo moyo wace wonse pokhapokha atakwatiwanso. Koma lamulo lomwelo linena poyera kuti silikhudza malo a cikhalidwe ca makolo. Apa ndipo pagona ngozi. Mkazi wamasiye wa m'nyumba ya taitolo ku Kalongwezi ali ndi lamulo kumbuyo kwace, pamene mnzace wa pa malo a mfumu adalira cifundo ca acibale ndi nzeru ya bwalo. Mwamuna wokonda banja lace aitane akuru a mbali zonse ziwiri iye ali moyo, anene pamaso pa nyakwawa kuti nyumbayo ndi ya yani, ndipo alembe wilo pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirako kanthu. Kulemba wilo si kudziitanira imfa, monga ena aganizira. Taitolo nayonso ingathe kulembedwa maina awiri, la mwamuna ndi la mkazi.

NDARAMA ZOYENDA PA LAMYA

Munthu wa ku migodi ali kutali. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita oposa 550, ndipo Kitwe ndi Solwezi ziri patsogolo pace. Cotero ambiri amanga nyumba ndi lamya ya m'manja: atumiza ndarama kwa mbale, mbaleyo natumiza zithunzi. Nkhani za anthu amene anafika pa chuti napeza maziko okha, kapena napeza kuti zithunzi zija zinali za nyumba ya munthu wina, zidziwika m'komboni iri yonse ya ku migodi. Si kuti abale onse ndi akuba ai. Koma ndarama ikafika pa mudzi m'mwezi wa January, m'nkhokwe mulibe cimanga, mwana ali m'cipatala, feteleza asowa, mbale uja aganiza kuti adzabweza akagulitsa mtedza, ndipo sabweza.

Mankhwala ace ndi kulekanitsa zinthu. Ndarama yothandiza abale itumizidwe pa yokha ndi dzina lace, kuti ya nyumba isakhale ndi cifukwa cosocerera. Simenti ndi malata zilipiridwe ku sitolo ndi mwini wace, woyang'anira angokatenga katundu ndi lisiti. Mmisiri alembedwe pangano la nchito m'zigawo: maziko, cipupa kufika pa mazenera, cipupa kufika pamwamba, tsindwi, pulasitala, ndipo cigawo ciri conse cilipiridwe citatha ndi kuonedwa ndi munthu waciwiri amene sadyera mbale imodzi ndi mmisiriyo. Woyang'anira nayenso apatsidwe kace kodziwika, cifukwa munthu woyang'anira cuma ca mnzace kwaulere amadzilipira yekha. Ndipo mwini nyumba aike chuti cace pa nthawi ya maziko ndi ya tsindwi, pakuti zolakwa za pamenepo sizioneka pa cithunzi.

Kuyambira mu 2023 lamulo lilola membala wa NAPSA amene wasonkha miyezi 60, kapena wafika zaka 45, kutapako magawo 20 pa 100 a zosonkha zace asanapume nchito. Mwai umenewu ndi wa kamodzi kokha. Amene autenga cifukwa ca nyumba acite atapeza kale malo ndi mapepala ace, kuti ndaramayo ipite ku cinthu cooneka, monga tsindwi. Ikafika munthu asanakonzeke, itha ndi maliro, maukwati ndi ngongole za kaloba.

ZA KAMANGIDWE

Nyumba iyamba ndi kusankha pomanga. Dothi lofiira la katondo ligwira maziko bwino. Dothi lakuda la makande, la m'mphepete mwa madambo, lifufuma ndi mvula ndi kung'ambika m'cilimwe, ndipo cipupa cing'ambika nalo pamodzi. Malo aonedwe m'mwezi wa February, madzi ali ponse ponse, osati mu September pamene dambo lomwe lioneka ngati mtunda. Maziko akumbidwe kupitirira dothi la pamwamba kufikira lolimba, ndipo konkire yace ikhale muyeso umodzi wa simenti, itatu ya mcenga ndi isanu ndi umodzi ya miyala. Pamwamba pa maziko payalidwe pepala lakuda loletsa cinyezi. Mtengo wace ndi wocepa, koma nyumba yosowa pepalali idziwika ndi pulasitala wosupuka m'munsi mwa cipupa caka ciri conse.

Njerwa ziumbidwe mvula itatha, kuyambira May, kuti ziume bwino ndi kuocedwa dzinja lisanafike. Njerwa yopsya bwino ilira ngati citsulo poigogoda ndi inzace. Yosapsya ilira ngati mtanda wa nsima, ndipo isungunuka ikagona m'madzi usiku umodzi. Koma uvuni wa njerwa udya mitengo yambiri, ndipo ku Chipangali mitengo yatha kale ndi zigafa za fodya ndi makala. Cifukwa cace ena asankha mabuloko a simenti, kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zotsindira pa makina, zimene sizifuna moto. Wogula mabuloko ayese limodzi: likafumbutuka ndi cala, woumbayo anaturutsa mabuloko ambiri koposa pa thumba limodzi la makilogramu 50. Simenti isagulidwe miyezi yambiri nchito isanayambe, cifukwa imwa cinyezi niuma m'thumba momwemo. Ndipo konkire ithiridwe madzi masiku 7 kapena kuposa; mphamvu yace yokwanira ifika pa masiku 28. Amisiri ofulumira sakonda kumva zimenezi.

Mphepo ya mvula zoyamba, mu October ndi November, ndiyo isasula matsindwi. Mitanda imangidwe ndi waya kapena citsulo cozikika m'cipupa mizere ingapo pansi, osati kungoisanjika pamwamba ndi kutsindira malata ndi miyala. Matabwa apakidwe mankhwala a ciswe asanakwere. Pa malata, nambala yocepa ndiyo yocindikala: geji 28 iposa geji 32 kulimba, ngakhale kuti pa sitolo ziwala cimodzimodzi. Cimbudzi cikumbidwe kumunsi kwa citsime, pa mtunda wa mamita 30 kapena kuposa. Ndipo m'malo opimidwa ndi khonsolo pulani ya nyumba iyenera kubvomerezedwa munthu asanakumbe, monga linena lamulo la mapulani a matauni ndi madera la 2015. Nyumba yomangidwa pa njira ya mseu kapena pansi pa nthambo za ZESCO ingathe kugwetsedwa popanda cipepeso.

Colakwa cacikuru ca anthu a ku migodi ndi kuyamba nyumba ya zipinda zisanu ndi ziwiri pofuna kuti a pamudzi aone kuti mwana wao anapita ku Kalale. M'mbali mwa mseu wa ku Lundazi muli zipupa zambiri zotere zopanda tsindwi, udzu utamera m'cipinda cocezera. Zipinda ziwiri zofoleredwa, zokhala ndi citseko ndi mazenera, ziposa zisanu ndi ziwiri za pa mtetete. Pulani ingathe kujambulidwa mwakuti zipinda zina zidzalumikizidwe pambuyo pace.

KODI RENTI IBWEZA?

Nyumba ya renti ifuna munthu wolandira malipiro a pa mwezi, ndipo anthu otere apezeka pafupi ndi sukulu, cipatala, maofesi a Boma ndi misika ya m'mbali mwa mseu waukuru. Nyumba yokongola ya pakati pa minda, kutali ndi mjigo ndi magetsi, idzagonamo mileme. Mphunzitsi kapena namwino ayamba wafunsa za madzi, cimbudzi ndi citseko colimba, za matailosi pambuyo. Ndiponso wanchito wa Boma ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Kalata yomsamutsa ikafika, nyumba ikhala yopanda munthu mpaka adze wina.

Masamu ace ndi awa, mwa citsanzo cabe. Munthu wamanga nyumba ya K200,000, naicititsa renti ya K1,000 pa mwezi. Pa caka ayembekeza K12,000. Koma miyezi iwiri nyumba ikhala yopanda munthu, kapena wokhalamo alephera kulipira: patsala K10,000. Penti, loko, galasi losweka ndi kukonza cimbudzi zidya K1,500: patsala K8,500, msonkho wa renti wa ku ZRA ndi wa khonsolo usanacotsedwe. Pa liwiro lotere ndarama yace idzabwera patapita zaka zoposa 23. Renti ikwera ndi zaka, ndipo mtengo wa nyumba ya taitolo pa malo abwino ukweranso, cotero cuma cace sicinatayike. Koma amene anakongola K200,000 imeneyo pa ciongoladzanja ca banki adzapeza kuti renti siikwanira ngakhale ciongoladzanja cokha, ndipo cotsalaco cidzacoka pa malipiro ace a ku mgodi. Nyumba ya renti yomangidwa pang'ono pang'ono ndi ndarama zosunga ndiyo isungira munthu ukalamba. Kawiri kawiri timanyumba tiwiri ta zipinda ziwiri ziwiri tibweza msanga koposa cinyumba cimodzi, popeza ofuna tating'ono ndiwo ambiri, ndipo kamodzi kakakhala kopanda munthu kanzace kalipira.

Pangano la renti lilembedwe, ngakhale wolowayo ndi wa mpingo umodzi ndi mwini nyumba. Lichule ndarama, tsiku lolipira, wolipira magetsi ndi madzi, wokonza zoonongeka, ndi nthawi ya cidziwitso coturukira. Onse awiri asaine pamaso pa mboni, ndipo ndarama iri yonse ikhale ndi lisiti kapena uthenga wa pa lamya wosungidwa. Wokhalamo akaleka kulipira, mwini nyumba asazule citseko, asacotse malata, asataye katundu wa mnzace pabwalo. Njira yace ndi cidziwitso colembedwa, ndipo cikakanika, khoti. Wocita za mphamvu angathe kupezeka kuti iye ndiye alipira amene anamkongola.

Cobvuta koposa ndi mbale. Mwana wa mlongo akapempha kuti asunge nyumba "kufikira malume adzabwere," renti palibe, ndipo pomturutsa pamadzafunika bwalo la banja lonse, malume nachedwa wouma mtima. Ngati mwini afuna kuthandiza mphwace, anene poyera pamaso pa akuru kuti adzakhalamo miyezi yakuti, kapena amlipirire kacipinda kwina, nyumbayo ilowe munthu wa pangano. Walira mvula walira matope: wofuna dzina la mwini nyumba za renti alandirenso nchito yolemba m'buku, yokumbutsa ngongole, ndi yokwera basi ya ku Chipata kamodzi pa caka kukaona yekha ngati ciswe sicinafike ku mitanda.